Kubwerera m'ndege patatha zaka zinayi

Ndinasiya kuyendetsa ndege kwa zaka zinayi. Ndalama zinavuta, ana anali pasukulu, ndipo laisensi inangogona m'kabati kunyumba ku Mufakose. Pobwerera ku bwalo la ndege la Charles Prince, ku Mount Hampden pafupi ndi Harare, ndinkaganiza kuti manja akumbukira okha. Anakumbukiradi, koma maso ndi mutu zinali zitatsalira kutali. Ngati nanunso mukufuna kubwerera, tsatani ndondomeko yomwe inandithandiza.

Yambirani kwa dokotala. Musanalipire ngakhale ola limodzi, kayezetseni kwa dokotala wovomerezeka ndi CAAZ, bungwe loyang'anira za ndege m'Zimbabwe, kenako mufunse ku CAAZ komweko zomwe zikufunika kuti laisensi yanu iyambenso kugwira ntchito. Ine anandipeza kuti maso ayamba kufuna magalasi owerengera, ndipo ndimathokoza kuti zinadziwika ndili pansi.

Mukatero tengani buku la ndege yomwe mudzayendetse. Yanga inali Cessna 172. Lowezaninso liwiro lonyamukira, lotsikira, ndi loyandamira injini ikazima. Madzulo aliwonse ndinkakhala pampando pabalaza nditatsinzina, n'kumagwira m'malere pomwe pamakhala throttle (chowonjezera mphamvu ya injini), mixture (chosakanizira mafuta ndi mpweya) ndi ma flap (zipepeso za kumbuyo kwa mapiko), uku ndikutchula mokweza checklist, mndandanda wa zoyenera kuchita. Mwana wanga wamkazi ankandidzidzimutsa: "Ababa, injini yazima!" Sabata yoyamba ndinkachita chibwibwi, yachitatu pakamwa ndi manja zinkayendera limodzi. Zimenezi n'zaulere, pomwe m'mwamba mphindi iliyonse ndi ndalama. Mapu akale atayeni, muwerenge AIP (buku la malamulo ndi mabwalo a ndege a m'dziko) ndi ma NOTAM (zidziwitso kwa oyendetsa ndege) atsopano. Amene anasiya chisanafike chaka cha 2017 amadziwa bwalo lalikulu la Harare ndi chizindikiro cha FVHA, koma pano ndi Robert Gabriel Mugabe International, FVRG.

Chomwe ndikufuna muchisamale kwambiri ndi kukwera kwa Harare. Charles Prince ili pa mafiti pafupifupi 4,850 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Okutobala kukatentha kufika madigiri 32, mpweya umapepuka moti ndege imachita ngati ili pa mafiti 8,000. Injini imafooka, mapiko amachedwa kugwira mpweya, ndipo mumathamanga mtunda wautali musanachoke pansi. Munthu amene wakhalitsa osauluka amachita mantha akaona mapeto a msewu wonyamukira akuyandikira, n'kukoka chiwongolero liwiro lisanakwane. Apo ndiye pali ngozi. Werengerani mtunda wonyamukira patchati ya m'buku tsiku lililonse, ndipo muchepetse mixture monga bukulo likunenera musananyamuke. Sankhani m'mawa kukadali kozizira. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, utsi wa moto wolusa umaphimba chizimezime, ndipo m'dzinja mitambo ya mabingu imakonda kuwunjikana masana.

Musauluke nokha, pezani mphunzitsi. Muuzeni zoona za nthawi yomwe mwakhala pansi, osachepetsako. Ulendo woyamba pitani kutali ndi bwalo, mukakwere pamwamba, mukachite kuuluka pang'onopang'ono, ma stall (pomwe mapiko amasiya kunyamula ndege) ndi kukhota kwambiri, kuti thupi limvenso ndege. Mukatero ndiye mubwerere kudzazungulira bwalo.

Kutera n'komwe kunandichititsa thukuta. Ulendo woyamba ndinadzutsa mphuno ya ndege tikadali m'mwamba, ndipo tinagwa ngati thumba la chimanga, n'kunjanja. Mphunzitsi anangoti, "Bambo, mukuyang'ana pafupi kwambiri. Ponyani maso kumapeto kwa msewu." Nditatero ndinayamba kuona m'mphepete mwa maso momwe nthaka ikukwerera, ndipo dzanja linadziwa nthawi yokoka. Ndege ikanjanja kapena liwiro likasokonekera, musakakamize: ikani mphamvu zonse, kwerani, mukazungulirenso. Chitani zimenezi dala kangapo mpaka zilowe m'magazi.

Wailesi nayo imathawa m'kamwa. Ine ndinkafika msanga pabwalo, n'kukhala phee kumvetsera momwe ena akuyankhulira ndi owongolera ndege a mu nsanja, ndikulemba mayankho papepala. Kumbukiraninso manambala oika pa transponder, kachipangizo kodziwitsa a mu nsanja za ndege yanu: 7600 wailesi ikafa, 7700 pangozi. Pawailesi, poitanira thandizo pangozi ndi pa 121.5.

Lamulo limati musananyamule anthu mukhale mutanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Kwa munthu wobwerera, katatu n'kochepa. Mphunzitsi atandisainira, ndinaulukabe ndekha m'mawa wa Loweruka kwa mwezi wathunthu, kuphatikizapo tsiku lina la mphepo ya m'mbali, ndisanamutenge mwana wanga uja kukaona nyanja ya Chivero kuchokera m'mwamba.