Musanasaine service plan ku Joni, werengerani kaye ngati si bwino kumadzipangira nokha sevisi

Amene mwagulapo galimoto pa dealer kuno ku South Africa mukudziwa mmene zimakhalira, mukangogwirizana mtengo amakulowetsani mu kaofesi ka munthu wa zangongole ndiye pamenepo amayamba kukuthirirani zina ndi zina, service plan, maintenance plan, warranty yowonjezera, zonse akuti zingokwera pang'ono pa instalment. Ine ndinasaina osawerenga chifukwa maso anali kale pa makiyi. Pulani inali ya zaka 3 kapena makilomita 45,000, koma nthawi imeneyo ndimayendetsa Bolt (matakisi oitanitsa pa foni), makilomita aja anatha chaka chisanathe pomwe ngongole yake inali ya miyezi 72. Ndinalipira chiwongola dzanja pa oyilo amene anatayidwa kalekale.

Poyamba funsani kuti akukugulitsani chiyani kwenikweni, chifukwa mayinawa amasokoneza. Service plan imangolipira sevisi yolembedwa mu buku la galimoto, oyilo, mafyuluta, mapulagi nthawi yake ikakwana ndi ndalama ya makaniko basi. Maintenance plan imawonjezera zinthu zotha ndi kuyenda monga ma brake pad, kilachi, ma wiper, ma shock, nchifukwa chake imadula. Warranty ndi nkhani ina, iyo ndi ya chinthu chimene chawonongeka chifukwa cha vuto la ku fakitale. Matayala nthawi zambiri mulibe monsemu, musadzadabwe.

Kenako auzeni akulembereni mtengo wa pulani paokha. Simukupempha chifundo ayi, kuyambira pa 1 July 2021 malangizo a Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amati dealer azionetsa mtengo wa galimoto payokha ndi wa pulani payokha, ndipo muli ndi ufulu wokana pulaniyo. Malangizo omwewo amalola kuti galimoto ya warranty muzikaipangitsa sevisi ku garaja ina osati ya dealer yokha, warranty siingofa chifukwa cha zimenezo, kungoti garajayo ikaononga chinthu mlandu ndi wake.

Tsopano apa ndi pofunika kukhala pansi ndi pepala. Tsegulani buku la galimoto muone kuti sevisi imachitika pakatha makilomita angati, Polo Vivo ndi 15,000, Hilux ndi 10,000, kapena chaka chikatha ngakhale simunayende kwambiri. Gawani makilomita a pulani ndi nambala imeneyo mudziwe kuti mukugula masevisi angati. Ya 45,000 pa galimoto ya 15,000 ndi masevisi atatu basi, si zambiri monga imamvekera. Imbani foni ku service department ya dealer yemweyo mufunse mtengo wa sevisi iliyonse mukamalipira cash, imbaninso ku garaja ziwiri za mdera lanu zimene zili mu RMI (bungwe la magaraja ndi ogulitsa magalimoto kuno), kenako lowani mu shopu ya ma parts ngati Midas, AutoZone kapena Goldwagen mufunse mtengo wa oyilo ndi mafyuluta a galimoto yanuyo. Mukhala ndi mitengo itatu yoti muyerekeze ndi ya pulani. Ngati pulani ikulowa mu ngongole musaone mtengo wa pa pepala, chulukitsani zimene yawonjezera pa instalment ndi miyezi yonse ya ngongole, mtengo weniweni ndi umenewo.

Werengani timawu ting'onoting'ono tija. Pulani imatha ndi zaka kapena makilomita, chimene chayamba kukwana. Mukadumphitsa sevisi kupitirira malire amene amalola akhoza kukukanirani zotsalazo. Ngati galimoto ndi ya Uber kapena Bolt funsani ngati akuvomera ntchito ya bizinesi, alembe osati kungoyankha pakamwa. Ndipo ife opita kumudzi pa December, ulendo wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kukafika Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700 kupita kokha, ndiye funsani ngati pulaniyo imagwira ntchito kunja kwa South Africa, apo ayi pangitsani sevisi musananyamuke.

Kumbali yodzipangira nokha, dziuzeni zoona. Muli ndi malo? Ambiri timakhala mu ma flat ndi ma complex omwe body corporate (komiti yoyang'anira malowo) salola ngakhale kutsegula boneti pa parking. Muli ndi jeke, ma stand, sipanala ya fyuluta ndi beseni lotayira oyilo? Ngati zilipo kusintha oyilo si ufiti. Lizani injini mphindi zochepa oyilo atenthe, ikani galimoto pa ma stand, osalowa pansi itangokhala pa jeke yokha chonde, masulani boti ya pa sump (pansi pa injini pomwe pamakhala oyilo) oyilo atsike yense, sinthani fyuluta mutapaka kaoyilo katsopano pa labala yake, ikani washer watsopano pa boti, thirani oyilo wa nambala imene buku lanena, kaya ndi 5W-30 kaya 5W-40, osati amene watchipa tsikulo. Lizani injini, suzumirani pansi ngati sikudontha, kenako izimitseni muyang'ane dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Fyuluta ya mpweya ndi ma wiper ndi za mphindi zisanu. Koma cambelt, gearbox ya automatic ndi zamagetsi zisiyireni makaniko, kulakwitsa kamodzi pamenepo mwagula injini ina.

Kwa ine galimoto yatsopano imene idakali pa warranty sindingailowe pansi ndekha, chifukwa malangizo aja amakamba za garaja, ndipo tsiku lodzaigulitsa wogula adzafuna buku lodindidwa. Pamenepo ndi pulani kapena garaja ya RMI, chimene chatchipa pa masamu aja. Pulani ili ndi ubwino umodzi woona, mtengo mwaukhoma lero pomwe ma parts amakwera chaka ndi chaka, ndipo kwa munthu amene ndalama siikhalitsa m'thumba zimathandiza. Koma Corolla ya makilomita 180,000 yogula pa Facebook Marketplace musavutike nayo, tsegulani ka akaunti kapadera muziponyamo kangachepe mwezi uliwonse, sungani malisiti ndi kulemba tsiku ndi makilomita nthawi iliyonse mwasintha kanthu. Oyilo wakale musathire mu dreni kapena kuseri kwa nyumba, muthireni m'chigubu chomwe munachoka watsopano muja mukasiye ku garaja kapena malo otolera oyilo a ROSE Foundation.