Momwe mungapezere kum'mawa ndi kumadzulo ndi chithunzithunzi cha ndodo

Chithunzithunzi chili ndi khalidwe limodzi losasintha: chimagwera mbali yotalikirana ndi kumene kuwala kukuchokera. Kuwala kumayenda mowongoka, sikukhota kuti kuzungulire chinthu, ndiye kseri kwa chinthucho kumatsala mdima. Yesani usiku ndi tochi komanso botolo. Mukaunikira kuchokera kumanja, chithunzithunzi chithawira kumanzere. Mukatsitsa tochi chitalika, mukaikweza chifupika. Dzuwa nalo limachita chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndodo wamba ingathe kukuuzani mbali za dziko ngati kampasi.

Mufunika ndodo yowongoka yotalika pafupifupi mita imodzi, timiyala tiwiri, chingwe, ndi malo osalala opanda udzu pamene dzuwa likuwomba bwino.

Choyamba, zikani ndodoyo pansi kuti iime chilili. Musangodalira maso. Mangani kamwala kunsonga ya chingwe, mukalendewetse pafupi ndi ndodo, muone ngati ziwirizi zikufanana kaimidwe.

Kenako yang'anani pamene chithunzithunzi chathera, ndipo muikepo kamwala koyamba, pansonga penipeni. Dikirani mphindi 15 kapena 20. Ambiri amafulumira apa, koma dzuwa limayenda madigiri 15 okha pa ola, choncho mukachita phuma timiyala tidzayandikana kwambiri ndipo mzere wanu udzakunamizani. Nthawi ikakwana, ikani kamwala kachiwiri pamene nsonga yafika, mujambule mzere wolumikiza timiyalati.

Kamwala koyamba kali mbali ya kumadzulo, kachiwiri mbali ya kum'mawa. Dzuwa likamapita kumadzulo, nsonga ya chithunzithunzi imalowera kum'mawa, kulikonse padziko lapansi. Tsopano pondani phazi lamanzere pa kamwala koyamba, lamanja pa kachiwiri. Nkhope yanu yaloza kumpoto, msana kummwera.

Njira imeneyi ndi yachangu koma imaphonyako pang'ono, makamaka m'mamawa ndi dzuwa litapendeka, chifukwa masiku ambiri nsonga ya chithunzithunzi imayenda mokhota ngati uta. Imawongoka bwino cha pa 21 Marichi ndi pa 23 Seputembala, pamene usana ndi usiku zimafanana kutalika. Ngati muli ndi tsiku lonse, ine ndingakulangizeni njira yachiwiri, yomwe sinama.

M'mawa, cha m'ma 9 kapena 10 koloko, ikani kamwala pansonga ya chithunzithunzi monga kale. Kolekani chingwe patsinde la ndodo, muchikoke mpaka pa kamwalako, ndiye mujambule mzere wozungulira ndodo yonse osasintha kutalika kwa chingwe. Chithunzithunzi chidzayamba kufupika n'kulowa m'kati mwa bwalolo, kenako masana chidzayambanso kutalika. Khalani tcheru. Nsonga ikangokhudzanso mzere wozungulira uja, ikani kamwala kachiwiri. Mzere wolumikiza timiyala tiwiriti ndiwo kum'mawa ndi kumadzulo kwenikweni, poti nthawi ziwirizi dzuwa linali litakwera mofanana, koyamba likukwera, kachiwiri likutsika. Pezani pakati pa mzerewo, mujambule wina wopita kutsinde la ndodo. Umenewo ndi wa kumpoto ndi kummwera, ndipo ndi momwe chithunzithunzi chachifupi kwambiri cha tsikulo chinagona. Musadabwe ngati nthawi imeneyo sinagwirizane ndi 12 koloko ya pa wotchi. Wotchi imatsata nthawi imene dziko lonse linagwirizana, dzuwa silitsata zimenezo.

Pali msampha umodzi. Mwina munamvapo kuti masana chithunzithunzi chimaloza kumpoto nthawi zonse. Zimenezo n'zoona kumpoto kwa mzere wa pa mapu a dziko lapansi wotchedwa Tropic of Cancer, monga ku London. Kummwera kwa Tropic of Capricorn, monga ku Cape Town, chimaloza kummwera chaka chonse. Koma pakati pa mizere iwiriyi, yomwe ili pafupifupi madigiri 23.5 mbali zonse za equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati), chimasinthasintha: mu Juni chimagwera kummwera, mu Disembala kumpoto, ndipo kawiri pachaka dzuwa limafika paliwombo penipeni, ndodo n'kuima popanda chithunzithunzi. Choncho kumadera amenewa dalirani timiyala ndi mapazi, osati mbali imene chithunzithunzi chagwera masana.

Ndodo ikadali pomwepo, iyezeni pamodzi ndi chithunzithunzi chake. Zikafanana kutalika, dzuwa lakwera madigiri 45, ndipo pa mphindi imeneyo chinthu chilichonse choima chilili chimafanana ndi chithunzithunzi chake. Thamangirani pamtengo uja mumafuna kudziwa kutalika kwake, muyeze pansi kuyambira patsinde mpaka pamene chithunzithunzi chathera, osavutika n'kukwera. Pa zonsezi maso akhale pansi, musayang'ane dzuwa lenilenilo, limawononga maso.