Momwe mungatsatirire nyimbo za classical pamene nyuzipepala zachepetsa kuzilemba

Kale nyuzipepala zikuluzikulu za ku America ndi ku Britain zinkakhala ndi mtolankhani amene ntchito yake inali kupita ku makonsati a nyimbo za classical (nyimbo za mwambo wa ku Ulaya zolembedwa m'manoti) n'kulemba ndemanga yotuluka mawa lake. Ndalama za otsatsa malonda zitasamukira ku Google ndi Facebook, akonzi anayamba kuwerengera kuti nkhani iliyonse yatsegulidwa kangati pa intaneti, ndipo pamenepo ndemanga ya orchestra (gulu lalikulu loimba ndi zida) singapikisane ndi mpira. Olemba ambiri otere anachotsedwa ntchito, ena atapuma mipando yawo inangokhala yopanda munthu. Alex Ross wa magazini ya The New Yorker analemba zodandaula pa nkhaniyi mu 2017. Oimbawo sanaleke kuimba ayi, wokuuzani ndiye wasowa, choncho muyenera kudzisakira nokha.

Choyamba, dziwani zimene zikuimbidwa ndi kumene zikuimbidwa. Tsamba la Bachtrack limasonkhanitsa ndandanda ya makonsati ndi ma opera (masewero a pa nsanja ochitika moimba) a m'maiko ambiri. Amene muli ku Joni, onani masamba a Johannesburg Philharmonic Orchestra, Cape Town Philharmonic kapena KZN Philharmonic ya ku Durban. Amene muli ku London muli ndi mwayi wa BBC Proms, chikondwerero chimene chinayamba mu 1895 ndipo chimachitika kuyambira Julayi mpaka Seputembala, makamaka mu Royal Albert Hall. Kuli matikiti otsika mtengo a oimirira, ndipo wailesi ya BBC Radio 3 imaulutsa makonsatiwo.

Chachiwiri, mverani musanawerenge maganizo a munthu aliyense. Orchestra ya wailesi ya ku Frankfurt, hr-Sinfonieorchester, imaika makonsati athunthu pa YouTube mwaulere. Kanema wa ola lathunthu amadya bandulo mosasekera, ndiye tsitsani kawonekedwe ka chithunzi kufika pa 240p. Makutu ndi amene akugwira ntchito apa.

Chachitatu, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa: mverani nyimbo imodzimodziyo kwa oimba awiri osiyana. Yambani ndi imene mukuidziwa kale. Ambiri amene anakulira m'kwaya ya kutchalitchi anamvapo "Hallelujah" ya Handel, yochokera mu Messiah imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. Pezani kwaya yaikulu ya anthu mazana, kenako kagulu kakang'ono koimba ndi zida za mtundu wakale. Mudzamva kuti kagulu kakang'onoko kawirikawiri kamathamanga ndipo mawu ake amamveka limodzilimodzi, pamene kwaya yaikulu imalemera n'kudzaza nyumba yonse. Tcherani khutu pomwe a besi amalowa okha, ndi pa kachetechete uja wa kumapeto, "Hallelujah" yomaliza isanagwe. Otsogolera ena amamutalikitsa mpaka mtima kukhala m'mwamba, ena amangodutsa. Ngati mumawerenga manoti, tsamba la IMSLP lili ndi mapepala a nyimbo zakale aulere, mutha kumatsatira ndi chala.

Mukatero, werengani akatswiri. Magazini ya Gramophone, imene inayamba mu 1923, ndi BBC Music Magazine zikadalembabe ndemanga za nyimbo zojambulidwa. Sankhani wolemba mmodzi kapena awiri n'kuwatsatira kwa miyezi, mpaka mudziwe zimene amakonda ndi pomwe mumasiyana nawo. Chenjerani ndi nkhani zimene zili zotsatsa chabe. Imene ikungoyamikira zonse, osatchula ngakhale malo amodzi pomwe oimba anapunthwa kapena anapambana, kawirikawiri yachokera kwa ogulitsa matikiti.

Chomaliza, lembani nanunso. Mukapita ku konsati kapena ku mpikisano wa makwaya, sungani kapepala ka pulogalamu kuti musalakwitse maina. Lembani tsiku lomwelo zidakali m'mutu: anaimba ndani, nyimbo ziti, anatsogolera ndani, ndi zinthu ziwiri zenizeni zimene munamva. "Anaimba bwino" sizithandiza wowerenga. Nenani kuti a tenala anatsalira pa ndime yachiwiri, kapena kuti soprano inakwera popanda kukuwa. Mizere khumi pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la kwaya yanu ndi yokwanira.