Kopolo watsopano, nayi njira yotsogolera sekishoni pa ulendo wautali wapansi

Msilikali akakwezedwa kukhala kopolo amapatsidwa sekishoni, gulu la anthu pakati pa 8 ndi 10. Bwana wa pulatuni ali ndi anthu pafupifupi 30, mapu ndi wailesi, ndipo sangavule aliyense jombo kuti aone phazi. Ntchito imeneyo ndi yanu. Zimene munaphunzira ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, zimayesedwa bwino pa ulendo wa makilomita 20 kapena 25, katundu ali kumsana. Pa ulendo wotere lamulo lalikulu ndi limodzi: musakhutire ndi kufunsa, onani ndi maso anu. Msilikali mukamufunsa ngati ali bwino amayankha kuti "inde bwana" ngakhale chidendene chikutuluka magazi.

Yambani ndi nthawi. Mukangolandira lamulo, auzeni anthu anu mwachidule pompo: tinyamuka nthawi yakuti, tinyamule zakuti. Kenako gawani nthawi yotsalayo patatu, gawo limodzi likhale lanu lokonzera dongosolo, magawo awiri akhale awo. Ngati lamulo lafika 12 koloko masana ndipo munyamuka 6 koloko madzulo, maola 2 ndi anu, maola 4 ndi awo. Makopolo ambiri atsopano amakakamira pa mapu mpaka dzuwa kupendeka, ndiye anthu amanyamuka osadya, mabotolo osadzaza.

Popereka malamulo musadumphedumphe. Fotokozani kaye malo amene mudutse, kenako momwe zinthu zilili, kenako ntchito imene mwapatsidwa. Ntchitoyo inenedwe kawiri, ndi mawu omwewo, pamodzi ndi chifukwa chake, kuti inu mukavulala otsalawo adziwe choti akwaniritse. Mukatero fotokozani kayendedwe, za madzi, chakudya, zipolopolo ndi ovulala, n'kumalizira ndi kalumikizanidwe komanso amene atsogolere inu mukalephera. Jambulani njirayo pansi ndi kamtengo: miyala ikhale mapiri, phulusa likhale mtsinje, ndipo kumpoto kwa chojambulacho kuloze kumpoto kwenikweni. Pomaliza musafunse kuti "mwamva?" Lozani wamng'ono pa onse mumufunse kuti, "Tikabalalikana tikakumana pati?" Akalephera kuyankha, dziwani kuti alipo ena atatu amene sanamve.

Kuyendera anthu musananyamuke ndi pamene ulendo umapulumukira, choncho musakuchite mothamanga. Aliyense akhale pansi avule jombo ndi sokosi. Yang'anani pakati pa zala ngati pali nyansi kapena zilonda, zikhadabo ngati zawengedwa, chidendene ngati chafiira. Pofiira paliponse mumatepo pulasitala khungu lili louma, chifukwa thuza likatuluka mwachedwa kale. Jombo yatsopano isayambire pa ulendo wautali, ndipo aliyense akhale ndi sokosi zina zouma zokulunga m'pulasitiki. Botolo la madzi ligwedezeni nokha. Lodzaza silichita phokoso. Chikwama chinyamuleni mumve kulemera kwake. Katundu yense asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa mwini wake: munthu wa makilogalamu 66 asasenze oposa 22 ngati mukufuna kuti akafike ali ndi mphamvu yogwira ntchito. Zolemera zikhale m'mwamba, kufupi ndi msana. Katundu wa gulu lonse, monga mabatire a wailesi ndi machira, azisinthana popuma paliponse, osangomuunjikira amene wangobwera kumene ku maphunziro. Kenako aliyense adumphe kawiri katatu, mumve cholira.

Mfuti ili ndi dongosolo lake losasinthika. Poionetsa kuti ilibe kanthu, iloze kumene kulibe munthu, magazini (kabokosi ka zipolopolo) achoke choyamba, kenako mukokere n'kuyang'ana m'kati. Ngozi zambiri za mfuti yolira mwangozi zimabwera chifukwa munthu wotopa wakokera magazini akadali momwemo, n'kulowetsa chipolopolo china akuganiza kuti watulutsa. N'chifukwa chake ntchitoyi imachitika inu mutaima pambali, tsiku lililonse, ngakhale kwa msilikali amene anayamba ntchito inu musanayambe.

Pa msewu wabwino werengerani makilomita 4 pa ola, kupuma kuli momwemo. M'tchire usiku liwirolo limatsika ndi theka kapena kuposa, ndiye musalonjeze sajeni nthawi yowerengera pa msewu. Mukayenda mphindi 15 kapena 20 zoyamba imani pang'ono kuti anthu amange bwino zingwe za jombo ndi malamba a zikwama. Kuyambira pamenepo yendani mphindi 50, pumani 10. Woyenda pang'onopang'ono aikidwe chakutsogolo, wachiwiri wanu akhale kumbuyo kwenikweni. Mukatsogoza wamiyendo itali, mzere umatambasuka ndi kufupika ngati lasitiki, ndipo akumbuyo amathera ulendo wonse akuthamangira kutseka mpata. Masana siyani mamita 5 pakati pa munthu ndi mnzake, usiku aliyense aziona wapatsogolo pake. Werengani anthu ndi mfuti pofika popumira ndi ponyamuka, komanso mukawoloka mtsinje kapena msewu.

Kutentha kumapha ngakhale msilikali wamphamvu, popeza wamphamvuyo sadandaula. Mu Okutobala ndi Novembala ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngati lamulo likulola, nyamukani m'bandakucha kuti dzuwa la paliwombo likupezeni pamthunzi. Pa ntchito yolemetsa munthu azimwa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola, pang'onopang'ono. Asapyole lita imodzi ndi theka pa ola, chifukwa madzi ochuluka opanda chakudya amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezonso zimakomola. Onetsetsani kuti akudya, ndipo m'thumba lanu mukhale mapaketi a Thanzi. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi. Mkodzo wachikasu kwambiri ukutanthauza kuti munthuyo watsalira pa kumwa. Choopsa kwambiri ndi msilikali amene wayamba kuyankha zosagwirizana, kudzandira, kapena kupsa mtima popanda chifukwa. Musamutenge ngati wamwano. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni katundu ndi malaya, mumuthire madzi thupi lonse n'kumamukupiza, uku wina akuitana achipatala pa wailesi. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, osadikira galimoto. Ngati sakuzindikira bwino musamumwetse kanthu, angatsamwe.

Mukamadutsa m'mudzi, ulemu wa gulu lonse lankhondo uli m'manja mwa anthu anu 8 aja. Ngati muimapo, kaonekereni kwa amfumu. Mango, nzimbe kapena nkhuku zigulidwe pa mtengo wake, ndipo pa mjigo pemphani malo, osakankha amayi amene mwawapeza pamzere. Asilikali a Malawi anatumizidwa kukatumikira kum'mawa kwa DRC (Congo) pansi pa United Nations mu 2013, ndipo kumeneko msilikali mmodzi akadyera masuku pamutu mkazi kapena mwana, mlandu umagwera dziko lonse. Khalidwe limenelo silimayambira ku Congo, limayambira pa nzimbe imodzi imene kopolo anaiona ikuthyoledwa iye n'kuyang'ana kumbali. Wolakwa mudzudzuleni pambali, mlandu waukulu upite kwa sajeni. Kumenya msilikali wanu kulibe m'malamulo, ndipo womenyedwayo mawa adzakubisirani thuza, malungo ngakhale chipolopolo chotayika.

Mukafika, thupi limafuna kugwa pansi, koma ntchito imatsatana motere: alonda ayambe aima, mfuti zipukutidwe theka la gulu panthawi imodzi kuti zina zikhale zokonzeka, mapazi aonedwenso, kenako chakudya. Inu mudye pomaliza, mutaona kuti mbale ya aliyense yalandira. Thuza laling'ono lisiyeni losaboola, mungolitchinga. Lalikulu kapena la mafinya lionedwe ndi wachipatala. Usiku alonda akhale awiriawiri, aliyense asapyole maola 2, ndipo asinthane mosiyanitsa nthawi kuti nthawi zonse pakhale mmodzi amene maso ake azolowera kale mdima. Dzina lanu likhalepo pa ndandandawo, ndipo musadzisankhire ola lofewa. Musanagone zungulirani muone kuti maneti a udzudzu apisiridwa pansi.

Zonsezi sizisungika m'mutu. Khalani ndi kabuku m'thumba la malaya, kokutidwa ndi pulasitiki, momwe mwalembamo dzina la msilikali aliyense, nambala ya mfuti yake, gulu la magazi ake, saizi ya jombo, ndi mankhwala amene thupi lake limadana nawo. Madzulo onjezanimo amene ali ndi matuza, madzi ndi zipolopolo zotsala, ndi chilichonse chimene chawonongeka, ndipo lipotilo likafike kwa sajeni iye asanabwere kudzalifunsa.