Besi ya penti wachikale ndi kutentha kwa kuno kuchigwa

Abale oimba besi m'matchalitchi a ku Nchalo, Bangula ndi Nsanje, mitundu yachikale ija ya penti wa magitala a kampani ya Fender monga Surf Green ndi Shell Pink ndimaikonda kwambiri. Inachokera ku penti wa galimoto za m'ma 1950. Koma musanagule besi, funsani ngati penti wake ndi nitro (penti wachikale uja) kapena poly (penti wamakono wolimba).

Nitro ndi wofewa. Mu Okutobala, pansi pa malata, amamata m'manja, ndipo thukuta limasiya banga pomwe pamagona mkono. Besi yanga inadyeka pakhosi chifukwa cha mphira wa pa sitandi, moti tsopano ndimakulungapo kansalu ka thonje. Mukamaliza kuimba ipukuteni ndi nsalu youma, muiike m'chikwama chake pamthunzi, osati m'galimoto yotseka. Poly amapirira zonsezi, kungoti kunyezimira kwake kumandionekera ngati pulasitiki.