Kukonzekeretsa Kompyuta Musanayambe Kulemba Mapulogalamu a Haskell

Ophunzira a kuno ku Dedza amene akufuna kuyamba functional programming (njira yolembera mapulogalamu imene chiyankhulo cha pakompyuta cha Haskell chimatsatira) amakonda kufunsa ngati n'kofunika kuchotsa Windows pa laputopu zawo. Ine ndimawalangiza kuti asathamangire kutero. Ngati muli ndi Windows 11, tsegulani PowerShell, pulogalamu yolemberamo malamulo a kompyuta, ngati administrator ndi kulemba wsl --install, ndipo Ubuntu, yomwe ndi mtundu wa Linux, idzakhazikika m'kati mwa Windows momwemo. Koma laputopu ya kaunjika yokhala ndi RAM ya 4 GB imayenda mopepuka mukaiika Linux yokha, makamaka Lubuntu 24.04.

Musanakoke Haskell, ikani kaye zofunika izi polemba lamulo la sudo apt install mu Linux yanuyo: build-essential, curl, libgmp-dev, libffi-dev ndi libncurses-dev. Musaiwale libgmp-dev, chifukwa GHC, pulogalamu yomasulira Haskell kuti kompyuta imve, imaidalira powerengera manambala akuluakulu, ndipo ikasowa pulogalamu yanu idzakana kumangika. Kenako ikani GHCup, chida chimene chimabweretsa pamodzi GHC ndi cabal, chida chomangira mapulogalamu a Haskell.

Apa m'pofunika kudekha. GHC ndi yaikulu ndithu, choncho gulani bandulo yokwanira, tchajani batire kuti magetsi akathima ntchito isadukire panjira, ndipo khalani pamalo pamene netiweki imagwira bwino, monga pa boma, osati kuseri kwa phiri.

Zikatheka, lembani cabal update kuti mulandire mndandanda wa malaibulale (zidutswa za mapulogalamu zolembedwa kale) a ku Hackage, nkhokwe ya Haskell ya pa intaneti, kenako cabal init m'foda yatsopano. Laibulale iliyonse, monga containers kapena text, muilembe pansi pa build-depends m'fayilo ya .cabal, ndipo cabal build idzaikoka yokha.