Kusamutsa mwana ku sukulu ya ku India kupita ya ku America popanda kumutayitsa mwayi wa yunivesite

Makolo amene amabwera kwa ine, Amwenye ndi akwathu omwe, amayamba ndi funso limodzi: kodi sukulu yolimba ndi iti, ya ku India kapena ya ku America? Amandifunsa chifukwa ndimaphunzitsa masamu, komanso mwana wanga wachisamba anaphunzira ku Pune mpaka Class 9 tisanasamukire kuno ku Texas. Ndimawauza kuti ku India maphunziro olimba amamupeza mwana pa desiki yake, afune asafune. Ku America aliponso, koma amachita kusankhidwa, ndipo mwana amene sanawasankhe atha kumaliza sukulu ma A ali mbwee, osadziwa kuti anzake a pa sukulu yomweyo ankaphunzira zina. Malangizo anga onse akuchokera pamenepo.

Choyamba sankhani khomo limene mwana adzalowere, ndipo musankhe asanakwanitse zaka 15, chifukwa makomo awiriwa amafuna zinthu zosiyana kotheratu.

Ku India nkhani ndi nambala imene mwana wakhala pa mayeso. Mayeso a Class 10 ndi Class 12, kaya a CBSE kapena a CISCE, mabungwe a mayeso a dziko lonse, kapena a chigawo, ife sativuta kuwamvetsa chifukwa amayenda ngati a MANEB. Koma si amenewo amene amalowetsa mwana ku sukulu zolimbiranazo. Wofuna uinjiniya amalemba JEE Main: mafunso 75 a masamu, fizikisi ndi kemisitiri m'maola atatu, funso lokhoza malikisi 4, lolakwa amakuchotsera limodzi, kakyuleta saloledwa. Olemba amaposa 1 miliyoni. Mwa iwowa pafupifupi 250,000 ndi amene amaloledwa kulemba JEE Advanced, mapepala awiri a maola atatuatatu tsiku limodzi, kulimbirana malo osakwana 20,000 m'ma IIT onse 23, mayunivesite a boma otchuka pa uinjiniya. Wofuna udokotala amalemba NEET pamodzi ndi anzake oposa 2 miliyoni. Ngakhale Delhi University, imene makoleji ake ena anafika pofuna malikisi 100 pa 100 a Class 12, kuyambira 2022 imasankha ndi mayeso a CUET. Pali malo osungidwira magulu ena a anthu mwalamulo, koma m'gulu lililonse chogamula ndi nambala yomweyo. Palibe amene adzafunse ngati mwanayo amaimba kwaya kapena amasamalira agogo ake. N'chifukwa chake tawuni ya Kota ku Rajasthan imadzaza ndi ana otumizidwa kukakhala m'mahositelo zaka ziwiri akungophunzitsidwa kayankhidwe ka mayesowa, mpaka mu Januwale 2024 boma linatulutsa ndondomeko yoletsa sukulu zokonzekeretsa mayesozi kulemba ana osakwana zaka 16.

Ku America yunivesite imawerenga fayilo ya zaka zinayi, kuyambira giredi 9 mpaka 12: magiredi a phunziro lililonse, kulimba kwa makalasi amene mwana anasankha poyerekeza ndi amene sukulu yake imapereka, makalata a aphunzitsi, chimangirizo, ndi zimene ankachita akaweruka. Tsiku lalikulu limodzi palibe. Lachiwiri wamba la mu Okutobala wa giredi 9 nalonso limawerengedwa.

Makolo ena amafuna zonse ziwiri. Mwana akuweruka 4 koloko, akupita ku mpikisano wa maloboti, usiku akulowa kalasi ya JEE ya pa intaneti yochokera ku Hyderabad. Ndawaonapo ana otere, ndipo ambiri amatsalira mbali zonse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ngati mtima wanu uli pa IIT, musiyeni mwana ku India amalize Class 11 ndi 12 komweko, chifukwa ngakhale AP Calculus BC, masamu apamwamba a m'masukulu ambiri kuno, sangamukonzekeretse funso la JEE Advanced limene limaphatikiza mitu itatu m'mzere umodzi. Kwa ife a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa palinso nthambi ya IIT Madras imene inatsegulidwa ku Zanzibar mu 2023, ndipo ili ndi mayeso akeake olowera.

Mukasankha America, nthawi yosamukira ndi yofunika kwambiri. Chaka cha CBSE chimayamba mu Epulo n'kutha mu Malichi, pamene cha kuno chimayamba mu Ogasiti. Nthawi yabwino ndi mwana asanalowe giredi 9, kuti fayilo yonse ilembedwe kuno. Yotsatira ndi akangolemba mayeso a Class 10. Yoipitsitsa ndi akamaliza Class 11. Aphunzitsi a ku India amaumira malikisi m'chaka chimenechi dala, kuti ana asanyozere Class 12, ndipo malikisi otsikawo amafika kuno kutangotsala miyezi yochepa kuti mafomu a yunivesite atumizidwe.

Tsopano nkhani ya mapepala, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ana ambiri amapwetekedwa pamenepa tsiku loyamba lenileni, makolo ali phee, akuthokoza.

Ku CBSE munthu amakhoza ndi 33 pa 100, ndipo mwana wa 75 mu Class 9 pa sukulu youmira malikisi ndi wabwino ndithu. Kuno 90 kupita m'mwamba ndi A, 80 ndi B, 70 ndi C. Mlembi wa sukulu akangokopera 75 uja mmene alili, mwana wanu wasanduka wa C, ndipo GPA yake, imene ndi avareji ya magiredi ake onse, yayambira pa 2.0 pa sikelo ya 4.0. Musachoke ku India opanda malipoti a Class 8 kupita m'tsogolo odindidwa chidindo, ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu yofotokoza kachongedwe ka pa sukulupo: malikisi okhozera, ndi mmene kalasi yonse inakhozera. Mukafika, funsani counselor, amene ndi mlangizi wa ophunzira, kuti malikisi a kunja amawalowetsa bwanji. Maboma a sukulu ena amangolemba kuti mwana anakhoza, osawaika mu GPA. Ena amawasandutsa. Funsani musanasayine chilichonse, ndipo yankholo alilembe pa imelo.

Vuto lina ndi mayina a maphunziro. Ku India lipoti limangoti Mathematics ndi Science, chifukwa chaka chilichonse mwana amaphunzira aljebura, jometiri ndi zina pamodzi, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje pamodzi. Kuno amazigawa: Algebra 1, Geometry, Algebra 2, Precalculus, kenako Calculus, chimodzi pa chaka. Mlembi akaona mawu akuti Mathematics amamuponya mwana mu Algebra 1, ndipo kuchokera pamenepo sangafike ku Calculus asanamalize giredi 12. Kwa wofuna uinjiniya ku yunivesite yolimbirana, imeneyo ndi mbola. Ine ndinanyamula mabuku a Class 9 a NCERT, bungwe la boma la India lolemba mabuku a sukulu, n'kukawatsegula pa tebulo la mphunzitsi woyang'anira masamu, tsamba la mitu poyera, n'kupempha kuti mwanayo ayesedwe. Ku Texas kuli njira yotchedwa credit by exam: mwana akalemba mayeso a phunziro limene anaphunzirapo kale n'kupeza 70, kapena 80 ngati sanaliphunzirepo m'kalasi, amamuwerengera kuti walimaliza. Wanga anadutsa Algebra 1 mwa njira imeneyi. Kumbukiraninso Hindi. Texas imafuna zaka ziwiri za chiyankhulo china chosakhala Chingerezi, choncho funsani ngati Hindi ya pa lipoti ingawerengedwe, kuti mpata umenewo mwana aikepo phunziro lina.

Akakhazikika, muphunzitseni kuti malikisi kuno amatoleredwa tsiku ndi tsiku. Mwana wa ku India anazolowera kuti homuweki ndi yongoyeserera, nkhondo ili mu Malichi. Muonetseni samu iyi: ntchito 10, zisanu ndi zinayi wapeza 95, imodzi sanapereke ndipo alemba 0. Zonse pamodzi ndi 855, kugawa ndi 10 ndi 85.5. A uja wasanduka B chifukwa cha pepala limodzi limene lili m'chikwama. Masukulu ali ndi tsamba la pa intaneti loonetsa malikisi a ntchito iliyonse, ndipo kholo limapatsidwa pasiwedi yake. Muziyang'anapo sabata iliyonse m'chaka choyamba, kenako muzimusiyira.

Pa masamu mwana wotere amakhala patsogolo pa liwiro. Amathetsa ikweshoni ya kwadiratiki pamtima anzake akufufuza kakyuleta m'chikwama. Koma mugulireni kakyuleta yojambula magirafu ija, TI-84, aizolowere, chifukwa mayeso a AP Calculus ali ndi gawo loifuna. Kumene amavutika kwenikweni ndi ku Chingerezi ndi mbiri yakale. Ku India yankho lofanana ndi la m'buku liwu ndi liwu limapeza malikisi onse. Kuno kukopera popanda kutchula kumene watenga ndi mlandu, ndipo funso limafuna kuti iweyo unene maganizo ako n'kuwaikira umboni. Mwana wanga anabwera ndi pepala lake loyamba, galamala yonse ili bwino, koma mphunzitsi atalemba m'mphepete ndi cholembera chobiriwira kuti sakuona pamene iye mwini waima. Zinamutengera teremu yonse kuti asiye kuopa kutsutsana ndi buku. Mulimbikitseninso kukweza dzanja ndi kupita kwa mphunzitsi akaweruka. Ulemu wokhala chete umene ife ndi Amwenye timaphunzitsa ana, kuno umaoneka ngati kusowa chidwi, ndipo mphunzitsi yemweyo ndi amene adzalembe kalata ya ku yunivesite.

Makalasi a AP, a mulingo wa yunivesite koma ophunziridwa ku sekondale, ndi kumene kuli maphunziro olimba aja. Mayeso ake amalembedwa mu Meyi, amachongedwa kuyambira 1 mpaka 5, ndipo m'masukulu ambiri A wa mu AP amalemera kuposa A wamba. Ayambe ndi amodzi kapena awiri m'maphunziro amene ali nawo mphamvu, awonjezere mu giredi 11. Ku Texas izi zimakhudzanso nambala ya m'kalasi: lamulo la 1997 limapatsa malo m'mayunivesite a boma ana 10 oyambirira pa 100 alionse a pa sukulu yawo, ndipo University of Texas ku Austin imadula pafupi kwambiri, pa 5 kwa olowa mu 2026. Poti sukulu ya boma imatsatira adiresi ya nyumba, ganizirani bwino musanachite lendi. Sukulu yotchuka ya ku Plano kapena Frisco, matawuni a pafupi ndi Dallas, ili ndi makalasi ambiri a AP, komanso ili ndi ana mazanamazana amene akhala akutolera mapointi kuyambira giredi 8.

Za zochita akaweruka, musamudzazire makalabu khumi. Chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene wazigwira zaka zingapo n'zokwanira, ndipo ganyu ya m'sitolo kapena kulera ang'ono ake zimalembedwanso pa fomu.

Mayeso olowera ku yunivesite a SAT alembe mu giredi 11, malikisi ake onse ndi 1600, kapena a ACT a malikisi 36. Nthawi ya Covid mayunivesite ambiri anasiya kuwakakamiza, koma MIT inawabwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard anatsatira mu 2024. University of California siyiwayang'ana n'komwe. Kwa mwana wochoka ku India amene lipoti lake ndi losakanikirana, malikisi abwino a SAT amamulankhulira.

Common App, fomu imodzi ya pa intaneti yofunsira malo m'mayunivesite ambiri, imatsegulidwa pa 1 Ogasiti asanayambe giredi 12. Chimangirizo chake sichiposa mawu 650, ndipo chiyenera kumveka kuti walemba ndi mwana wa zaka 17. Musamulembere, owerenga amazindikira chilembo cha bambo. Mafomu ofulumira ambiri amatsekedwa pa 1 Novembala, enawo kumayambiriro kwa Januwale. Samalani ndi Early Decision: mwana akatengedwa walonjeza kupita kumeneko, musanaone zimene ena akanapereka.

Ndalama ndi zimene zimagamula mapeto. Fizi ya IIT kwa nzika ya India ndi ma rupee 200,000 pa chaka, pamene yunivesite yoyima payokha kuno imatha kuposa madola 80,000 pa chaka mukaphatikiza malo ogona ndi chakudya. Thandizo la boma la FAFSA ndi la nzika makamaka, ndi okhala ndi green card, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Mwana wa pa viza ya H-4, yotsatira kholo logwira ntchito kuno, salandira, ndipo akakwanitsa zaka 21 amachoka pa viza ya makolo ake, choncho konzekerani zomusinthira ku F-1, viza ya ophunzira, nthawi ilipo. Mayunivesite ochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, amasankha ana akunja osayang'ana m'thumba mwa makolo n'kuwalipirira zosowazo, koma ku Harvard otengedwa sakwana 5 pa 100 alionse. Pa mndandanda wa mwana pakhale yunivesite ya boma imene mungathe kulipira, ngakhalenso community college ya zaka ziwiri yoti adzasamukire ku yunivesite pambuyo pake. Mayankho ambiri amabwera pofika kumapeto kwa Malichi, ndipo mumakhala ndi mpaka pa 1 Meyi kuti muvomere. Ikani makalata a thandizo onse pa tebulo, muchotsepo ngongole zimene amazilemba ngati thandizo, muone ndalama yeniyeni yotuluka m'thumba, kenako muichulukitse kanayi.